Musanapondepo pa Chipale Chosapondedwa

Achinyamata inu amene mwayamba kusiya njira zokonzedwa za ma ski ku Davos kapena ku Verbier n'kumakasaka chipale chofewa chimene munthu sanapondepo, ndimvereni. Chimene chimapha si chipale chonyezimira chapamwambacho, koma chimene chagona pansi pake.

Chipale chimagwa mosanjikizana, lero china, sabata yamawa china. Kukazizira kwambiri kwa masiku angapo, timibulu tam'munsi timasanduka ngati shuga: mukatifumbata m'dzanja sitigwirana. Kenako mphepo imakokolola chipale chatsopano n'kukachiunjika kuseri kwa chitunda, komwe chimagwirana kolimba pamwamba pa timibulu tija. Zikatero, kulemera kwa munthu mmodzi n'kokwanira kuti phiri lonse litsetsereke. Ambiri mwa amene amafa pa chigumukire amachiyambitsa okha, kapena mnzawo wam'gulu lomwelo.

Bungwe la SLF ku Davos limatulutsa chenjezo la chigumukire kawiri patsiku, ndipo mlingo wake umayambira pa 1 kufika pa 5. Ine ndimaopa kwambiri 3. Pa 4 ndi 5 ambiri amakhala pansi okha, osachita kuuzidwa. Koma pa 3 dzuwa limatha kuwala bwino, mtima n'kumati tiyeni, ndipo pafupifupi theka la imfa zimachitika pamlingo umenewu, makamaka pamalo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45.

Kumbani dzenje ndi fosholo muone mmene chipale chasanjikirana, inde. Komatu dzenjelo limangokuuzani za pamene mwaimapo. Mamita 20 kutsogolo zinthu zikhoza kukhala zina. Likakuletsani, limvereni, likakulolani, musalikhulupirire msanga. Nayonso mizere ya ma ski a anthu ena si umboni, mwina iwo anangochita mwayi. Mukamva chipale chikuti "vuu" pansi panu, kapena mukaona mng'alu ukuthamanga kutsogolo kwa ski yanu, musakambirane n'komwe, bwererani.

Potsika, muzipita mmodzimmodzi, enanu mukuyang'anira muli pamalo otetezeka. Aliyense akhale ndi transceiver (kachipangizo kothandiza kupeza munthu wokwiririka) yoyatsa, ndodo yofufuzira ndi fosholo, ndipo muziyeserera kuzigwiritsa ntchito mpaka manja azolowere. Munthu wokwiririka akafukulidwa m'mphindi 10 zoyambirira, mwayi wake wopulumuka ndi pafupifupi 90 pa 100. Zikadutsa mphindi 35 umatsikira cha m'ma 30, chifukwa mpweya umamuthera. Imbirani opulumutsa anthu a Rega pa 1414, koma musaime n'kumayang'ana kumwamba kudikira helikopita. Yambani kukumba.