Akakutumizani kukajambulitsa m'mutu ndi makina a MRI

Makolo ndi abale a ku Chigumula, dokotala akanena kuti wodwala wanu akajambulidwe ndi MRI, musabwerere naye kunyumba chifukwa cha mantha. Makinawa sapopa magazi, sawerenga maganizo, ndipo alibe cheza chonga cha ekisire. M'kati mwake muli maginito amphamvu kwambiri. Maginitowo, pamodzi ndi mafunde a wailesi, amagwira ntchito pa madzi a m'thupi, ndipo kompyuta imaonetsa chithunzi cha ubongo popanda kung'amba paliponse.

Ku chipatala cha Gulupu makinawa anafika mu 2008, kudzera mu ntchito ya Dr Terrie Taylor ndi anzake ofufuza za malungo. Mu 2015 anaonetsa kuti ana ambiri amene amamwalira ndi malungo a mu ubongo amakhala kuti ubongo wawo watupa kwambiri mpaka kupuma kuima. Zimenezi zinadziwika kuno ku Blantyre. N'chifukwa chake mwana wotentha thupi akayamba kukomoka kapena kusadziwa anthu, muthamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Kodi maginito amasokoneza mutu? Ena amamva chizungulire kapena mseru, makamaka pa makina amphamvu kwambiri, chifukwa maginito amakankha timadzi ta m'kati mwa khutu timene timatithandiza kuyenda osagwa. Ena mkamwa mumamveka ngati anyambita chitsulo. Zimatha akatuluka. Phokoso ndi lalikulu, koma amakupatsani zotseka m'makutu. Inu gonani phee, chifukwa mukagwedezeka chithunzi chimawonongeka.

Choopsa chenicheni ndi chitsulo. Maginitowa amakoka ngakhale pamene sakujambula. Siyani panja foni, makiyi, ndalama zachitsulo, khadi la ku banki, ndolo, mapini a m'tsitsi. Chithumwa cha mwana nacho muvule, pakuti zina mumakhala singano, ndipo palibe amene akuweruzeni.

Abambo owotcherera ndi kupala zitsulo, inu makamaka: kachitsulo kamene kanalowa m'diso kalekale kangathe kusuntha n'kuwononga diso. Nenani musanalowe. Neninso ngati munaikidwa kachipangizo kothandiza mtima, chitsulo cholumikiza fupa, ngati m'thupi munatsala chipolopolo, kapena ngati muli oyembekezera. Wodwala akakhala kuti sangathe kuyankhula, womudikirira ndiye afotokoze zonsezi kwa anamwino.