Mnzanu wa kuntchito akamakudyerani miseche

Lero tiyamba ndi kalata ya mayi wina amene amagulitsa m'sitolo ku Limbe. Akuti mnzawo amakawaneneza kwa abwana, ndipo ndalama zikaperewera chala chimaloza iwo.

Mayi, musakangane naye pamaso pa makasitomala. Mupezeni pa nthawi ya nkhomaliro, muli awiriwiri, mumuuze chimene ananena ndi tsiku lake. Zoti "mumadana nane" zisiyeni, zimangokolezera moto. Ena amaleka akangodziwa kuti mwamva.

Koma za ndalamazi, apa ndiye musagone. Posinthana muziwerengera limodzi, mulembe m'kabuku, aliyense asaine. Akakana kusaina, lembani kuti wakana, pakhale mboni. Ndikudziwa kuti poweruka munthu amathamangira minibasi, koma kuwerengako sikutenga nthawi.

Zikapitirira, pitani kwa abwana kabukuko kali m'manja. Dziwaninso kuti lamulo la ntchito la 2000 sililola kuti akuchotseni pa mlandu wotere musanapatsidwe mwayi wodziteteza. Zikachitika, kadandauleni ku ofesi ya zantchito m'boma lanu, ndipo zikakanika kumeneko kuli khoti la Industrial Relations.