Waya wopanda fyuzi mu Canter ya alamu

Alamu anga a ku Domwe ali ndi lole ya Canter yomwe amanyamulira mbatatesi kupita ku Ulongwe, nthawi zina mpaka ku Tete. Inabwera ndi wailesi yake ya ku Japan, ija yoyambira pa 76 n'kuthera pa 90, chonsecho masiteshoni akuno ndi a ku Malawi amafika mpaka pa 108. Atatopa ndi kuwayawaya, anadutsa pa Calomue n'kukagula ina ku Dedza, ya Bluetooth ndi polowetsa fulashi.

Anawaikira ndi mnyamata wina wokonza mafoni pamsika. Sanali mbuli ayi. Anadziwa kuti loleyo ili ndi mabatire awiri, 24 volts, pamene wailesiyo ndi ya 12, ndiye kuilumikiza pa pulagi yakale n'kuiotcha pomwepo. Anatenga waya wautali, namulumikiza pa batire limodzi lokha, namudutsitsa pansi pa mpando mpaka kudashibodi. Kumeneko anapotera pamodzi waya wofiira ndi wachikasu n'kukulunga tepi. Nyimbo zinalira, alamu analipira akumwetulira.

Mawaya awiriwo sagwira ntchito imodzi. Wachikasu umafuna moto nthawi zonse kuti wailesi isaiwale masiteshoni, wofiira umadikira kiyi. Mukawaphatikiza, wailesi siimvanso za kiyi, ndipo mukaiwala kuizimitsa imayamwa batire usiku wonse. Komanso kukama batire limodzi kumachititsa kuti awiriwo asamadzaze mofanana. Mmawa wina wa mu Juni, kuzizira kwa ku Angónia kuja kolowa m'mafupa, lole inangoti kwete! n'kukhala chete, matumba ali odzaza kumbuyo. Tinaikankha anthu asanu ndi awiri. Alamu anati batire ndi lachinyengo, nagula lina.

Chimene sitinkachiona chinali pansi pa mpando. Msewu wafumbi umagwedeza chilichonse, ndipo waya uja ankakhulana ndi chitsulo tsiku ndi tsiku mpaka pulasitiki inadyeka. Tsiku limene zinavuta ine ndinali m'lolemo. Kunayamba kafungo ngati wina akuotcha jumbo, kenako utsi woyera pakati pa miyendo yathu. Alamu anaimika, nathamangira ku mabatire, sipanala osaipeza. Anachita kumuzula wayayo ndi dzanja, ndipo chipsera chili pachikhatho mpaka lero.

Makaniko wachikulire wa ku Ulongwe atamuona waya wopsererayo anapukusa mutu.

"Koma a mestre, wailesiyi ili ndi fyuzi kumbuyoku," anatero alamu.

"Imeneyo imalondera wailesi yokha, bambo. Nanga waya yenseyu kuchokera ku batire, mlonda wake ndani?"

Apa m'pamene ambiri timapusira, ngakhale eni Probox ndi Hiace poika ampu ndi masipika akuluakulu. Fyuzi imayenera kukhala pafupi penipeni ndi batire, kuti waya akagunda chitsulo pena paliponse ipse ndi iyoyo.

A mestre anaika kabokosi kotsitsa 24 kufika pa 12. Mawaya a lole sanawakhulupirire ndi mtundu, poti wopanga galimoto aliyense ali ndi mitundu yake. Anayesa mmodzimmodzi ndi kababu, kiyi ali wotseka, kenako wotsegula, mpaka anapeza woyenera wofiira uja. Wakuda anamumanga pa bawuti atapala utoto.

Wailesi inapulumuka. Mpando ndiwo unabooka, ndipo alamu anaphimbapo ndi thumba la mbatatesi.