Kaunikidwe ka Zosintha Zing'onozing'ono M'kati mwa Foni Zathu

Ambiri kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje tili ndi foni za Android. Nthawi zina foniyo imangouma osayankha, kapena pulogalamu imatsekeka yokha. Kawirikawiri vuto limakhala kuchepa kwa malo amene foni imagwirirapo ntchito, otchedwa RAM. Tiyeni tione amene amagawa malowa ndi m'mene ntchito yake imakonzedwera.

Pansi pa Android pali pulogalamu yaikulu yotchedwa kernel. Dzina lake ndi Linux, ndipo anaiyamba Linus Torvalds mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, m'dziko la Finland. Kernel imagawa RAM m'tizigawo totchedwa page, nthawi zambiri ta mabaiti 4,096. Ntchito yake ikufanana ndi ya mwini bwato pa doko la Shire: malo ndi ochepa, katundu ndi wambiri, ndipo ayenera kusankha chokwera ndi chotsala. Malo akachepa, kernel imachotsa tizigawo timene takhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito. Zikathina kwambiri, pulogalamu ina imatsekedwa.

Akatswiri a m'maiko osiyanasiyana amalemba zosintha pofuna kuti kagawidwe kameneka kazifulumirako. Zina zimakhala za mizere khumi yokha. Kwa zaka zambiri Andrew Morton ndiye wakhala akusonkhanitsa zosintha za gawoli zisanafike kwa Torvalds. Koma chosintha sichilowa mwa chisawawa. Anthu ena amayamba achiunika, ndipo amafunsa mafunso atatu awa.

Loyamba: kodi umboni uli kuti? Wolemba asangonena kuti "zifulumira". Ayese makina chosinthacho chisanalowe, ayesenso chitalowa, kenaka aonetse manambala.

Lachiwiri: kodi chothandiza uyu sichipweteka uja? Linux yomweyi ili m'foni yotsika mtengo komanso m'makompyuta akuluakulu a mabanki. Njira yabwino kwa ina ikhoza kuchedwetsa inzake.

Lachitatu: nanga mapulogalamu awiri akagwira page imodzi nthawi imodzi, chichitike n'chiyani? Apa ndi pamene zolakwika zoopsa zimabisala.

Woyunika akakhutira amalemba dzina lake pansi pa chosinthacho, kutsogolo kwa mawu akuti "Reviewed-by". Zikadzavuta, dzina lake lili pomwepo.

Zitsanzo zilipo. Njira ya zram imapanikiza tizigawo kuti tikwane pa malo ochepa, monga alimi athu amatsenderera thonje m'thumba. Inakhala zaka zingapo pa mayeso isanavomerezedwe kwathunthu mu 2014. Njira ya MGLRU, yosankha bwino tizigawo toyenera kuchotsedwa, inalembedwa ndi Yu Zhao wa ku Google. Anailemba mobwerezabwereza potsata ndemanga za ounika, mpaka inalowa mu Linux 6.1 mu Disembala 2022.

Palinso chitsanzo chowawa. Pofuna kusunga malo, kernel imalola mapulogalamu awiri kuwerenga page imodzi, ndipo imakopera ina pokhapokha wina akafuna kulembapo. Nzeru yabwino ndithu, koma munali kampata kakang'ono. Cholakwika chimenechi, chotchedwa Dirty COW, chinakhalamo kuyambira 2007 mpaka chinatsekedwa mu Okutobala 2016. Munthu wamba akanatha kuchigwiritsa ntchito kulanda ulamuliro wonse wa makina, kuphatikizapo foni za Android.

Nkhaniyi ikutikhudza. Foni yomweyo ndi imene mayi amalandirira ndalama za fizi, ndiponso imene imabweretsa chenjezo madzi a Shire ndi Ruo akamakwera, monga nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mzere umodzi wolakwika m'kernel umafika m'matumba a anthu miyandamiyanda. N'chifukwa chake woyunika amawerenga mizere khumi kwa masiku angapo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife amene tikulakalaka kudzaphunzira za makompyuta tiyambe tsopano kuzolowera kuwerenga ntchito ya anzathu mofatsa, ndi kulola kuti anzathu afunse za yathu.