Azakhali Akuyankha: Kiyibodi Yogona Kunsi kwa Bedi

Azakhali, ndili ndi kiyibodi ya Yamaha DX7 imene ndinagula ndili mnyamata, nthawi imene ndinkalota zoyambitsa bandi. Yagona kunsi kwa bedi zaka zambiri. Amake mwana akuti ndiigulitse tipeze ya fizi. Nditapita nayo kutchalitchi anyamata akwaya anaiseka poti ilibe ng'oma, ndipo wina wa ku City Market akuti andipatse K700. Mtima ukundiwawa. Ndichite bwanji? Ndine Wokhumudwa, ku Kabwata.

Iwe mwana wanga, bandi yakoyo ija inakaimba kuti? Ine Azakhali ako ndavina kalindula mpaka nsapato kung'ambika, koma dzina lako sindinalimvepo pa wailesi. Zaka zonsezi oimba kiyibodiyo akhala mphemvu, lero mkazi wako wanena zoona ndiye iwe wayamba kutupa masaya. Pukuta misozi, khala apa.

Choyamba, anyamata akwayawo usawakwiyire. Iwo anazolowera Yamaha PSR, yongodina batani ng'oma ndi besi n'kuyamba zokha, mpingo wonse n'kuimirira. Yakoyo ilibe ng'oma, ilibe ngakhale sipika. Unapita kukagulitsa khasu kwa msodzi. DX7 inatuluka mu 1983, ndipo kapangidwe ka mawu ake, kotchedwa FM, anakatulukira John Chowning ku yunivesite ya Stanford, a Yamaha n'kugula chilolezo. Kapiyano kolira ngwee kamene umamva m'nyimbo zachikondi za m'ma 1980, zimene tinkavina titatsamira pamapewa a amalume ako, kambiri kanachokera m'bokosi lomwelo. Alipo anthu amene amaisakasaka: anyamata a masitudiyo ku Woodlands ndi ku Chelstone, ophunzira nyimbo ku Evelyn Hone College, ndi madoda a ku Kabulonga amene ndalama zinawapeza unyamata utapita. Amenewo ndiwo ako. Wa K700 uja umupatse moni, adzipita.

Koma usanaiike pa Facebook, itulutse uipukute ndi kansalu kouma, osati madzi a sopo ngati ukutsuka mbale. Yang'ana kachitsulo kakumbuyo kolembedwa mphamvu ya magetsi. Ma DX7 ena anapangidwira msika wa ku Japan komwe magetsi ndi 100V, pamene a ZESCO amatipatsa 230V. Ukangolumikiza yoteroyo popanda thiransifoma, ugulitsa utsi. Safunsa anadya phula. Ikayaka, dina makiyi onse 61, limodzilimodzi, umve ngati lililonse likulira. M'kati mwake muli kabatire kozungulira kamene kamasunga mawu ake 32. Kakafa, kiyibodi imayamba kulemba zosamveka n'kumalira ngati yagwidwa mizimu. Si imfa imeneyo. Kabatireko n'komatirira, ndiye upite nayo kwa wokonza mawailesi wodziwa ntchito, osati msuweni wako wa sikuludiraiva imodzi uja. Ngati makatiriji ake akadalipo, asakesake m'masutikesi, amakweza mtengo.

Tsono pano ndiye tchera khutu. Chimene chafa unene kuti chafa. Batani lina likamavuta, lemba pomwepo. Lusaka ndi wamkulu pa mapu pokha. Amene wamunamiza lero udzakumana naye pamaliro ku Leopards Hill, iwe uli ndi mbale ya nsima m'manja. Jambula kavidiyo ukuiimba, anthu amve okha. Ufufuze pa intaneti mitengo imene ena agulitsira, uike wako pamwamba pang'ono, poti Mzambia sagula osanenerera. Wina adzakuuza kuti mawu omwewo amapezeka aulere pa kompyuta. Zoona, amapezekadi. Umufunse mwaulemu kuti nanga wakwereranji minibasi mpaka ku Kabwata.

Mlendo usamulowetse kuchipinda. Tulutsa kiyibodi pakhonde, mnzako akhale pambali, ndipo usankhe ola limene magetsi alipo, pakuti wogula amafuna kuimva kaye. Akati watumiza ndalama pa Airtel Money kapena MTN, usakhulupirire meseji. Mameseji abodza adzaza mu tauni muno. Tsegula foni yako, uone balansi ndi maso ako, kenaka katundu anyamuke. Za "ndidzamaliza kumapeto kwa mwezi" ayi, ngakhale atabwera atavala kolala ya ubusa. Ndipo chinthucho chimalemera makilo oposa 14, usakalimbane ndi makondakitala. Wogula abwere ndi galimoto yake.

Ndikudziwa chimene chikukuwawa, mwana wanga. Si pulasitiki ndi mawaya ayi, ndi mnyamata uja wa tsitsi lalitali amene ankaona dzina lake pa chikwangwani mu Cairo Road. Mulire pang'ono, palibe choletsa. Usiku womaliza uitane ana, uwaimbire nyimbo ziwiri zimene umadziwazo, adziwe kuti bambo awo anali ndi zala. Ndalama zikalowa upereke kwa amake mwana tsiku lomwelo, usanadutse pa bala. Ndikamva kuti wagula gitala, ndibwera ku Kabwata ndi mthiko.