Kulipira womanga nyumba popanda lisiti

Mayi athu a ku Sanga, kalata yanu yafika, zikomo. Mwati kontilakitala wanu akuti akutsitsirani mtengo mukamulipira pamanja popanda lisiti. Kulipira pamanja si mlandu ayi, amisiri ambiri akumudzi amalandira choncho. Koma ngati ndi kampani yomwe inalembetsa VAT ku MRA, ndalama akukuchotseraniyo ndi ya msonkho, ndiye kuti mukuzemba naye limodzi. Ine sindingakulimbikitseni zimenezo. Komanso mvula ya ku Nkhata Bay mukuidziwa nokha. Denga likadzayamba kudontha mu Malichi, mudzaonetsa chiyani kwa amfumu kapena kukhoti? Lemberanani pangano, pakhale mboni. Mulipireni m'zigawo: maziko akatha, khoma likakwera, malata akakhomedwa. Ngati mukutumiza pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, uthenga wake musafufute, mayi.