Kuphunzitsa Tanthauzo la Cizindikiro ca Dziko la Zambia

Colinga

Pakutha pa phunziroli, ophunzira anu akhoze kufotokoza m'Cinyanja comveka ciyambi ndi tanthauzo la cizindikiro ca dziko lathu. Mwana amene angoloweza kuti nkhwazi iimira ufulu, osadziwa cifukwa cake, wasenza mtolo umene sanaumasule.

Ciyambi

Mwambo wojambula zizindikiro pa zishango unayamba ku Ulaya m'zaka za m'ma 1100, pamene ankhondo obisa nkhope m'zisoti zacitsulo anafuna kudziwika. Pambuyo pake mizinda inautengera. Mwacitsanzo, mzinda wa München ku Germany uli ndi mmonke pa cizindikiro cake, pakuti dzina la mzindawo licokera ku liwu lotanthauza amonke.

Kuno mwambowu unadza ndi atsamunda. Cishango ca Northern Rhodesia cinali ndi mizere yoyera isanu ndi umodzi pamalo akuda, ndiponso nkhwazi yofumbata nsomba m'zikhadabo. Pa 24 Okutobala 1964 Zambia anasunga mizereyo, koma nkhwazi anaikweza pamwamba pa cishango ilibe nsomba.

Tanthauzo

Mizere yoyera ndiwo madzi a mathithi a Mosi-oa-Tunya ogwera pa thanthwe lakuda. Khasu ndi piki ziimira ulimi ndi migodi. Mwamuna ndi mkazi ogwiriziza cishango ndiwo anthu wamba, eni dziko. Pansi pawo pali cimanga, nsanja ya pamgodi ndi mbidzi, ndico cuma ca m'nthaka ndi ca m'chire. Mau akuti One Zambia One Nation akumbutsa mitundu yoposa 70 kuti ndi banja limodzi.

Kaphunzitsidwe

1. Gawirani gulu lililonse ndalama yacitsulo. Ana ayambe achula okha zimene aona musanawauze kanthu. Ngati muphunzitsa ku Woodlands, akumbutseni kuti State House, kumene kulembedwa makalata okhala ndi cizindikiroci, ili pafupi pa mseu wa Independence Avenue.

2. Lembani pabolodi mau atsopano: cishango, thanthwe, mathithi, kuimira.

3. Onetsani cishango cakale pambali pa catsopano, nimufunse kuti: "Nsomba anaicotseranji?" Musafulumire kupereka yankho lanu. Landirani ganizo lililonse lokhala ndi cifukwa, monga mucitira pomasulira miyambi.

Nchito

Wophunzira aliyense ajambule cizindikiro ca sukulu yake, nalembe ndime imodzi yofotokoza cimene waikamo, cimene wasiya, ndi cifukwa cake.